Loweruka Lopanda Nthungululu: Ukwati wa Kwathu ndi Zaka za Mliri

Aliyense amene adakhalapo pa ukwati wa m'tauni kuno kwathu amaidziwa nthawi imene holo yonse imadzuka. Za kutchalitchi zatha m'mawa, zithunzi zajambulidwa, aperekezi alowa movina, ndipo tsopano mkwati ndi mkwatibwi aimirira kutsogolo atagwira lichero. Woyendetsa mwambo wayamba kuitana magulu: akuchimuna, akuchikazi, anzake a mkwati a kuntchito, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, amene adaphunzira limodzi ndi mkwatibwi, amene avala nsalu ya ukwati, amene sadavale. Gulu lililonse likudzuka ndi nyimbo yake. Ndalama zikuuluka, atsikana akutola zimene zagwa pansi nkuthamangira nazo ku tebulo la makashiya, kumene ena afola kuti K2,000 isanduke ma K50 ndi ma K100 oti aponye mpaka nyimbo ithe. A Reserve Bank akhala akudandaula kuti ndalama zimang'ambika msanga chifukwa chopondedwa m'maukwati, koma palibe amene adasiya. Ameneyu ndiye perekaniperekani.

Mlendo akaona zimenezi amati nkudzionetsera, ndipo kudzionetsera kumakhalapodi. Koma pansi pake pali ngongole imene sidalembedwe m'buku lililonse. Mayi amene akuponya lero adaponyeredwa chaka chatha pa ukwati wa mwana wake, kapena ali ndi mbeta pakhomo imene tsiku lake likubwera. Iye akudziwa, ndipo eni ukwati akumuona. Kupatsa nkuika, adatero akale. Ndalama za m'licheromo ndizo zimamalizira kulipira holo, ophika ndi mwini zoimbira, ndipo zikatsalako ndizo zimagula matiresi ndi kulipira lendi ya miyezi yoyamba. Mabanja ambiri amalowa m'holo ali ndi ngongole, akudalira kuti khamu liwatulutsamo.

Ndayambira pa lichero chifukwa mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, malamulo sadakhudze mphete kapena malumbiro. Adangowerenga mitu ya anthu: poyamba 100, kenako 10, kenako 50. Pa ukwati wa Chimalawi kuwerenga anthu nkuwerenga ndalama, nkuwerenganso mboni. Kuti tione pamene zimenezi zidatibaya, tiyambe tabwerera kumudzi kumene mwambowu udachokera.

Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, kumene mwana amatsata mtundu wa amayi ake, ukwati unkayambira kwa atsibweni. Mnyamata akaona mbeta imene yamukomera mtima sankapita yekha kwa makolo a mtsikana. Ankauza mtsibweni wake kapena mkulu wake, ndipo ameneyo ndiye ankapita kukafunsira. Akuchikazi nawo sankayankha tsiku lomwelo. Ankayamba afunsa mwana wawo ngati akumudziwa munthuyo, nkufufuzanso mbiri ya kwawo. Zikayenda bwino, mbali iliyonse inkasankha ankhoswe, anthu oti adzanyamule banjalo moyo wake wonse: kukagwa matenda ndiwo oyamba kuuzidwa, kukabuka mkangano ndiwo okhala pamphasa, kukachitika maliro ndiwo olankhula. Mwamuna ankapita chikamwini, kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi ndi kulima m'munda wa apongozi, ndipo ngati patapita zaka wafuna kupita ndi mkazi kwawo, ankapempha chitengwa. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Angonde a ku Karonga ndi Asena a kuchigwa cha Shire kudali malowolo, ndipo wosamuka adali mkazi. Njira zidali zosiyana, koma paliponse ukwati unkamangidwa ndi akuluakulu ochepa atakhala pansi.

Zimene timaona pa chinkhoswe mpaka lero zidachokera kumeneko. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo ankhoswe amadyera limodzi nkhuku pamaso pa anthu kusonyeza kuti mabanja awiri alumikizana. Mnyamata amalandira nkhwangwa, khasu ndi chikwanje. Mtsikana amalandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Zonsezi zikhoza kuchitikira pakhonde, pamaso pa anthu oti nkuwawerenga ndi zala. Chimene chinkafuna mudzi wonse chidali chikondwerero. Ukwati unkadikira chilimwe, chimanga chili m'nkhokwe, njira zitauma. Kukatsala masiku ochepa amayi ankasonkhana kusinja, ena kuphika thobwa, atsikana kutunga madzi, anyamata kuwaza nkhuni ndi kumanga chisakasa. Khomo lililonse linkabwera ndi kanthu: ufa m'lichero, nyemba, nkhuku, mbuzi kwa amene ali nayo. Padalibe kalata yoitanira munthu. Wodutsa m'njira akamva ng'oma ndi nthungululu ankapatuka, nkudya nawo. Perekaniperekani wa lero ndi mdzukulu wa malichero a ufa amenewo.

Kenako kudabwera amishoni. A Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre adakhazikika mu 1876, a Dutch Reformed adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adatsegula Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902. Iwo adabwera ndi ukwati woyera: kulengeza m'tchalitchi masabata atatu, malumbiro, mphete, velo ndi kalata ya ukwati. Boma la atsamunda lidaika lamulo lake la maukwati mu 1902, ndipo mu 1923 lidaonjezera lina lolembetsa maukwati a anthu akuda omangidwa m'tchalitchi. Komabe zatsopanozi sizidachotse zakale. Mipingo idaona kuti banja lopanda ankhoswe lilibe pogwira, motero mpaka lero mbusa kapena wansembe amafuna kuona ankhoswe a mbali zonse asanadalitse. Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga nawo amamanga nikah pamaso pa shehe, achibale oimira mbali ziwiri ali pomwepo. Mwambo uliwonse wobwera unkasanjikizidwa pamwamba pa unzake, ndipo amuna obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Halale adaonjezerapo suti, nsapato zonyezimira ndi galamafoni. Lamulo la maukwati la 2015 lidangovomereza zimene anthu adali atazichita kale: ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo, ngakhale wa anthu okhalira limodzi nthawi yaitali, onse ndi maukwati pamaso pa lamulo.

Tauni ndiyo idasintha zinthu kwambiri. Ku Ndirande kapena ku Kawale kulibe nkhokwe, kulibenso mudzi wa abale okhaokha woti usinje chimanga. M'malo mwa mudzi mudalowa komiti ya ukwati: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi timakomiti ta zakudya, ta mayendedwe, ta zokongoletsa. Imakumana Lamlungu masana kwa miyezi ingapo, aliyense nkulonjeza zimene adzapereke, msungichuma nkumakumbutsa amene achedwa. Ntchito zimene kale ankagwira achibale zidayamba kugulidwa. Chinkhoswe chidachoka pakhonde nkulowa m'holo, nachonso nkukhala ndi perekaniperekani wake. Padabadwanso bridal shower ndi send-off, moti pofika zaka za m'ma 2010 banja limodzi linkatha kusonkhanitsa anthu katatu kapena kanayi lisanalowe m'nyumba.

Apa mpamene padamera ntchito ya anthu ambiri amene chakudya chawo chimagona pa tsiku limodzi pa sabata. Pamwamba pali mahotela ndi maholo otchuka monga Comesa ndi Robins Park ku Blantyre kapena BICC ku Lilongwe, komanso mabwalo a kapinga amene timangoti magadeni. Koma unyinji uli pansi. Pali mayi wokongoletsa amene adagula nsalu zake ku Dar es Salaam ndi ngongole ya banki m'khonde. Pali telala wa pakhonde la sitolo amene amachezera usiku wa Lachisanu kumalizitsa malaya a akuchimuna ndi madiresi a akuchikazi. Pali wophika keke, wasaluni, wobwereketsa mipando ndi matenti, mnyamata wophunzitsa aperekezi masitepe, DJ, woyendetsa mwambo, ndi wojambula uja amene palibe adamuitana, amene amakujambulani mukulowa, nkuthamangira kukatsuka, nkudzayala zithunzi panja pa holo kuti mugule potuluka. Pansi penipeni pali aganyu: onyamula mipando, osenda mbatata, otsuka mapoto, olondera magalimoto, amene amalandira zawo madzulo a Loweruka lomwelo, kapena Lamlungu ukakhala ukwati wa a Seventh Day. Ambiri mwa iwo alibe kalata ya bizinesi, alibe akaunti ya kubanki ya ntchito yawo, ndipo maina awo sapezeka m'kaundula wa ofesi iliyonse. Anthu amenewa muwasunge m'mutu, tiwafuna kutsogoloku.

Pa 20 Malichi 2020, kusanapezeke ngakhale wodwala mmodzi, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko la Malawi lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi, ndipo kusonkhana anthu oposa 100 kudaletsedwa, kaya ndi pa ukwati, pamaliro kapena pa mapemphero. Odwala atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo, South Africa idali itadzitsekera kale, kotero njira zimene mavelo, masuti, mphete ndi maluwa apulasitiki zimadzera zidauma. Achibale a ku Johannesburg, ku London kapena ku Dublin, amene kawirikawiri ndiwo amasenza gawo lalikulu la bajeti, sakadatha kubwera, ndipo ena mwa iwo ntchito zidali zitawathera komweko.

Kwa munthu wa kunja, anthu 100 ndi ukwati waukulu. Kwathu kuno ndi chiyambi chabe. Chotsanipo aperekezi, kwaya, ankhoswe, makolo ndi abale a bere limodzi a mbali ziwiri, ophika ndi ojambula, muona kuti mipando yotsalira oponya ndalama njochepa zedi. Koma mtengo wa holo sutsika chifukwa mwabwera ochepa, ndipo keke ndi velo mtengo wake ndi womwewo. Padalinso vuto lina loposa la ndalama. Ife sitidazolowere kusankha alendo. Khadi la ukwati kwathu limangokhala chidziwitso: amene walandira amabwera ndi mnzake, amene sadalandire amabwerabe, ndipo ukalengezedwa m'tchalitchi ndiye kuti mpingo wonse waitanidwa. Ndidakhala nawo mu komiti ina m'miyezi imeneyo, ndipo sindidzaiwala madzulo amene tidakhala ndi pepala la maina, tikufufuta. Dzina lililonse lofufutidwa lidali la munthu amene adalera, kapena adalipirako fizi, kapena adagona pamaliro a pakhomopo. Palibe amene ankafuna kukhala woimba foni kwa azakhali kumudzi kuwauza kuti asakwere basi.

Pa 14 Epulo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda adatuluka m'misewu ya Mzuzu, Blantyre ndi madera ena akunena kuti njala iwapha kolona asanawapeze, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litachipempha. M'bindikirowo sudachitike konse. Chidatsala ndi chisokonezo, chimene mwina chidazunza eni maukwati kuposa lamulo lolimba. Bwalo la milandu lidali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo dziko linkakonzekera kuvotanso pa 23 Juni. Mu Meyi ndi Juni monse zipani za mbali zonse zinkasonkhanitsa anthu zikwizikwi m'mabwalo, ophatikana, ambiri opanda masiki, pamene mnyamata wa ku Chilomoni akuuzidwa kuti abale ake asapose 100. Anthu adaona, ndipo adati lamuloli likuyang'ana nkhope. Ena adangopitiriza maukwati awo monga kale, ndowa ya mpopi ndi sopo zili pakhomo la holo. Omvera lamulo ndiwo adaluza. Ine ndimakhulupirira kuti kusamvera kumene kudavutitsa a zaumoyo m'miyezi yotsatira kudabzalidwa pa misonkhano ya ndale imeneyo.

Chisankho chitatha, odwala adachuluka. Boma latsopano la Lazarus Chakwera lidachepetsa mwambo wa pa 6 Julayi, nkuuchotsa ku Bingu National Stadium kupita nawo ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa. Ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti kudatuluka malamulo okhwima kuposa onse: kusonkhana anthu oposa 10 nkoletsedwa, pamaliro asapose 50, ndipo wopezeka pagulu wopanda masiki alipire K10,000. Atsogoleri a mipingo adadandaula kuti sadafunsidwe, ndipo patapita masiku ochepa boma lidafewetsa pa za mapemphero. Okongoletsa, ophika ndi a matenti adalibe wowalankhulira wa mawu olemera chotero. Ndipo taonani nyengo yake. Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi imene maukwati amachuluka, fodya atagulitsidwa, mvula isanayambe. Ndiyo miyezi imene wobwereketsa mipando amapeza zodyera chaka chonse, monga momwe mlimi amadalirira dzinja limodzi. Anthu 10 ndiye kuti mkwati, mkwatibwi, mbusa, ankhoswe ndi makolo. Woponya palibe.

Mabanja adachita zosiyanasiyana, ndipo apa mpamene mbiri yakale ija idaonekeranso. Ena adasuntha tsiku, kamodzi, kawiri, nkuyamba kulimbana pa za dipoziti. Mwini holo kapena wokongoletsa ankati ndalamazo adagulira kale katundu kapena adalipira antchito, eni ukwati ankati ntchito sidagwiridwe. Mapangano ambiri adali apakamwa kapena a pa WhatsApp, ndipo onse awiri ankanena zoona, onse awiri ali pa mavuto. Maubale ena adathera pomwepo. Ena adadalitsa ukwati m'tchalitchi cha mipando yopanda anthu, nkulonjeza madyerero mliri ukadzatha, koma mwana atabadwa ndalamazo zidapeza ntchito ina. Ena adapita kwa DC ndi mboni ziwiri. Ndipo padali ambiri, makamaka m'midzi ndi m'madera a anthu wamba m'tauni, amene adabwerera kumene tidachokera: ankhoswe adakumana pakhonde, tambala ndi msoti zidasintha manja, akuluakulu adalangiza, banja nkuyamba. Zidaoneka poyera kuti chimene chimamanga ukwati sichidafunepo holo. Ndikudziwa achinyamata amene mtima udawakhala pansi, chifukwa mliri udawapatsa chifukwa chomveka chozembera ngongole imene akadachita manyazi kuikana pamaso pa apongozi.

A m'tauni okhala ndi mafoni amakono adayesa njira ina. Ukwati unkaonetsedwa pa Facebook kapena pa Zoom, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zitalembedwa pansi pa chithunzi, woyendetsa mwambo nkumawerenga maina a amene atumiza. Zidathandizako, makamaka kwa achibale a kunja, koma sizikadafika pa za lichero. Munthu pa foni amatumiza kamodzi, ndalama imene waiganizira ali phee pampando. M'holo amadzuka kasanu, kakhumi, chifukwa nyimbo yamukoka, chifukwa gulu lake laitanidwanso, chifukwa akuchikazi akuoneka ngati apambana akuchimuna. Perekaniperekani amafuna maso ndi thukuta. Ndiponso bandulo ya intaneti yoonera mwambo wa maola atatu idali yosafikirika kwa agogo akumudzi, ngakhale akadakhala ndi foni yake.

Nanga boma lidathandiza bwanji? Kumayambiriro kwa Epulo 2020 lidalengeza zingapo. Pulezidenti ndi nduna zake adadula malipiro awo ndi 10 peresenti kwa miyezi itatu. Mafuta a galimoto adatsika mtengo. Reserve Bank idagwirizana ndi mabanki kuti mabizinesi ang'onoang'ono apume kubweza ngongole kwa miyezi itatu. MRA idapereka miyezi 6 yoti amene ali ndi ngongole za msonkho alipire popanda chilango. Thumba la ngongole la MEDF, limene pambuyo pake lidasintha dzina kukhala NEEF, lidaonjezeredwa kufika pa K15 biliyoni. A ntchito zokopa alendo adapepukitsidwa pa misonkho ina. Kumapeto kwa mwezi womwewo kudalengezedwa K35,000 pamwezi kwa mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba.

Tsopano tibwerere kwa anthu aja ndidati muwasunge. Kupuma kubweza ngongole ya kubanki kumathandiza amene banki idamukongoza, koma mayi wokongoletsa uja ngongole yake idali ya banki m'khonde ndi ya katapila, ndipo katapila sadziwa mliri. Chifundo cha MRA chimafika kwa amene ali m'kaundula wa msonkho. Zopepukitsa a ntchito zokopa alendo zidathera ku mahotela, amene adavutikadi mpaka kuchotsa antchito, koma sizidatsike kufika kwa mwini tenti. Ndalama za K35,000 zija zidachedwa mpaka zidayamba kulowa m'mafoni a anthu mu 2021, ndipo zinkatsata madera osauka, osatsata mtundu wa ntchito imene lamulo laimitsa. Pa mndandanda wonsewo padalibe chimene chidalunjika kwa munthu amene amadyera Loweruka.

Mu Seputembala 2020 bwalo lounika malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti malamulo a m'bindikiro wa Epulo uja adali osayenera, ndipo mwa zina lidatsindika kuti boma silingatsekere anthu osauka m'nyumba lisanakonze chimene adye. Mfundo yomweyo ikukhudza maukwati. Ukaletsa khamu watseka msika wa munthu, ndipo woutseka ayenera kudziwa dzina la mwini msikawo. Chopweteka kwambiri chidadza mu Epulo 2021, pamene kafukufuku wa momwe K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliri idayendera adaonetsa kuti ndalama zankhaninkhani zidathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata ndondomeko. Anthu adamangidwa, nduna imodzi idachotsedwa. Pamene ena ankasainirana maalawansi a misonkhano, ma DJ ankagulitsa masipika, atelala ankasoka masiki a chitenje ogulitsa m'misewu, ophika ankayenda ndi mapoto m'maofesi kufuna wogula nsima ya masana.

Sindikunena kuti malamulowo adali opanda chifukwa. Amene adaona Januwale wa 2021 sanganene choncho. Mliri udabweranso ndi ukali pambuyo pa maulendo ndi zisangalalo za Khirisimasi. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Chakwera adalengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Mwezi womwewo tidataya oimba Maria Chidzanja Nkhoma ndi Wambali Mkandawire. Zipatala zidapereweredwa mpweya wothandiza odwala kupuma, ndipo Bingu National Stadium ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zidasanduka malo ogoneka odwala. Misonkhano idaikidwa pa anthu 50, kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kudaletsedwa. Lamulo la usikuli silidakhudze kwambiri maukwati, poti athu ambiri amatha dzuwa lisanalowe, koma mantha adachita zimene apolisi adalephera. Matendawa ankatenga kwambiri achikulire, a shuga ndi a BP, ndipo amenewo ndiwo ankhoswe, ndiwo alangizi, ndiwo amakhala mipando ya kutsogolo. Holo yodzaza, anthu akuimba, akukumbatirana, akupumirana pa mzere wa kwa makashiya, ndi malo amene kachilombo kamafalikira mosavuta. Matenti amene adagulidwira maukwati ankabwerekedwa kumaliro, ndipo maliro akewo ankachitika mwachangu, achibale ataima patali.

Pali maukwati ena a nthawi imeneyi amene sadadikire holo, ndipo ndiwo amandiwawa koposa. Sukulu zidakhala zotseka kuyambira Malichi mpaka pamene zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okutobala 2020. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'nyengo imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo padachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Izi zidachitika m'dziko limene lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja mu 2015 nkuzilembanso m'malamulo aakulu a dziko mu 2017, dziko la mafumu ngati Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza amene adatchuka pothetsa maukwati a ana. Muzu wake udali umphawi: pakhomo pakasowa ufa, mwana wamkazi amayamba kuoneka ngati pakamwa pofunika kuchepetsa. Koma kusowa kwa maso a anthu kudathandizira. Mphunzitsi amene akadafunsa kuti mwana uja ali kuti adali kwawo. Mpingo umene ukadamva chilengezo katatu sunkakumana wonse. Ukwati wa pagulu, ndi zodula zake zonse, uli ndi ubwino umodzi umene sitiutchula kawirikawiri: nkovuta kuimika mwana wa zaka 14 kutsogolo kwa khamu dzuwa likuswa mtengo.

Katemera woyamba, wa AstraZeneca, adafika mu Malichi 2021. Mliri udabweranso m'miyezi yozizira ya chaka chomwecho ndi kumapeto kwake, koma pang'onopang'ono malamulo adafewa ndipo maholo adadzazanso. Anthu oposa 2,600 ndiwo adalembedwa kuti adamwalira ndi matendawa m'dziko muno. Amene adapirira pa ntchito za maukwati adalandira maukwati aja adasunthidwa, koma mpumulo sudakhalitse. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira nsalu mpaka mafuta ophikira, chidakwera. Zina za nthawi ya mliri zidatsalira. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba tsopano imalembedwa pa khadi la ukwati popanda wodabwa. Ukwati wolowa ndi khadi lokha, umene kale unkaoneka ngati kunyoza abale, ukuzolowereka pakati pa opeza bwino, ndipo ena amauza alendo kuti abwere ndi envulopu m'malo movina ndi ndalama. Ine zimenezi ndimaziona ndi mitima iwiri. Ndi bwino kuti achinyamata adaona kuti akhoza kulowa m'banja popanda kumira m'ngongole. Koma ukwati wa pageti pali mlonda umasiya panja azakhali aja, umasiyanso panja wojambula wa zithunzi zoyala pansi.

Mliri wina udzabwera, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 adatikumbutsa zimenezi msanga. Pempho langa kwa makhonsolo ndi kwa eni ntchitozi nlakuti adziwane lero, kukadali bata. Okongoletsa, ophika, a matenti ndi ojambula akhale m'mabungwe okhala ndi kaundula, mapangano a dipoziti azilembedwa papepala, kuti tsiku limene boma lidzawerengenso mitu lidzadziwe amene lawatsekera msika. Kwa inu owerenga ndili ndi pempho lina. Pali mabanja amene adamanga ukwati mu Ogasiti 2020 kapena mu Januwale 2021 pamaso pa anthu oti nkuwawerenga ndi zala. Makolo awo adavina pa maukwati a ana anu, adaponya pa chinkhoswe chanu, adaika monga mwambo umanenera, koma tsiku lawo lotapa litafika holo idali yotseka. Ana a mabanja amenewo pano ali ku sukulu ya mkaka. Ngati mukulidziwa banja lotere, ndipo mukukumbukira kuti mayi awo adadzuka kangati pa tsiku lanu, musadikire khadi. Pitani mukawaone, mutanyamula zimene mukadaponya m'lichero.